Nyumba yomwa mafuta

Kumadzulo kwa chigawo cha Arizona, m'dziko la America, kuli katauni kotchedwa Quartzsite. Pa kalembera wa mu 2020 kanapezeka ndi anthu pafupifupi 2,400 okha. M'miyezi ya June ndi July dzuwa la kumeneko limaswa mtengo, kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo masana munthu saoneka mumsewu. Koma ikangofika January, chipululu chonse chozungulira katauniko chimayera mbee ndi magalimoto. Ena ndi aakulu ngati basi ya pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ena ndi ofanana ndi minibasi, ena ndi malole akale omwe eni ake anakhomamo okha bedi ndi mashelufu. M'galimoto iliyonse muli munthu amene amaphika, kusamba ndi kugona momwemo. Kwa ena ndi tchuthi chabe, athawa chisanu cha kumpoto ndipo adzabwerera. Kwa ena galimotoyo ndiyo kwawo, alibe khomo lina loti angakagogode.

Magalimoto oterewa eni ake amawatcha motorhome, ndipo ku America amangowatcha RV. Ifenso si achilendo kwenikweni. Amene amakhala m'mbali mwa nyanja, ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Chitimba, anawaonapo alendo atayimika chigalimoto cha nambala yakunja pansi pa mtengo, sola ili padenga, mipando yopinda ili panja, tiyi akuwira. Ukawaona umati awa ndiye akudyerera moyo: landilodi alibe, bilu ya madzi saidziwa, akatopa ndi malo amangoliza injini n'kumapita. Maganizo omwewo ndi amene akokera anthu ambiri a ku America kumsewu, makamaka achikulire opuma pantchito ndi ena amene lendi yawakulira. Funso limene ambiri amalifunsa mochedwa ndi lakuti, kodi nyumba ya matayalayi imadya ndalama zingati?

Tiyambe ndi mafuta, poti ndi amene amaoneka msanga.

Motorhome yayikulu, imene amaitcha Class A, ndi bokosi lalitali mamita 10 kapena 12, lolemera matani 10 kapena kuposa, ndipo kutsogolo kwake n'kophwathalala ngati khoma. Ikamathamanga, ntchito yaikulu ya injini imakhala yokankha mphepo. Ambiri mwa magalimoto amenewa amayenda mamailosi 6 mpaka 10 pa galoni imodzi. Tikatenga pakati, mamailosi 8, ndiye kuti lita imodzi ikuyenda makilomita 3.4 okha. Kuti timve bwino kukula kwake: ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa, makilomita pafupifupi 310, ungamwe malita opitirira 90, pamene kagalimoto kakang'ono kamene ambiri timakwera kangafike ndi malita 20 kapena 25. Ang'onoang'ono, omangidwa pa thupi la veni, amachitako bwino, makilomita 7 kapena 8 pa lita, koma m'kati mwake munthu wamtali amayenda chowerama ndipo bafa limakhala ngati kabati.

Thanki ya galimoto yayikuluyo imatha kulowa magaloni 100, omwe ndi malita pafupifupi 380. Mu June 2022 mtengo wa petulo ku America unafika madola 5 pa galoni kwa nthawi yoyamba, ndipo dizilo anafika pafupifupi madola 5.80. Mwezi umenewo kudzaza thanki kamodzi kokha kunkatenga madola 500, kapena 580 kwa wa dizilo. Ulendo wochoka ku New York kupita ku Los Angeles, mamailosi pafupifupi 2,800, unkafuna magaloni 350, kutanthauza madola 1,750 a petulo yekha, kupita kokha. Munthu wolandira penshoni yochepa akaona nambala zoterezi zikuthamanga pa pampu, mtima umagunda.

Ndipo injini si yokhayo imene imamwa. Magalimoto ambiri oterewa amakhala ndi jenereta imene imakoka mafuta mu thanki yomweyo, pafupifupi malita 2 pa ola ikamapukusa makina oziziritsa mpweya. Chitofu, filiji ndi chotenthetsera m'nyumba zimadalira gasi. Makoma a motorhome ndi opyapyala, sasunga kutentha ngati njerwa, moti m'nyengo yachisanu gasi amatha ngati akudontha penapake. Enanso amakoka kagalimoto kakang'ono kumbuyo kuti azipitira kumsika, chifukwa chimphona cha mamita 12 sungapite nacho kukagula buledi. Kagalimotoko kali ndi mafuta ake, inshulansi yake ndi matayala ake.

Mbiri ya malonda a magalimoto amenewa imayenda limodzi ndi mtengo wa mafuta. Mu 1973, maiko a Aluya atatseka mpopi wa mafuta opita ku America, kampani ya Winnebago ya ku Forest City m'chigawo cha Iowa, imene dzina lake linali litasanduka dzina la motorhome iliyonse, inaona malonda ake akugwa chagada. Zinachitikanso mu 2008, petulo atadutsa madola 4 pa galoni mu June, kenako mabanki n'kuleka kukongoza. Mu 2006 mafakitale anatumiza kwa ogulitsa ma RV pafupifupi 390,000, kuphatikiza okokedwa kumbuyo. Mu 2009 anangotumiza pafupifupi 165,000. Makampani awiri akuluakulu, Fleetwood Enterprises ndi Monaco Coach, anagwa mu March 2009. Dera la Elkhart m'chigawo cha Indiana, kumene kumapangidwa ma RV ambiri a dzikolo, linafika poti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5 aliwonse ofuna ntchito anali pa ulova, ndipo Barack Obama anapitako mu February 2009, atangolowa kumene pampando wa pulezidenti, kukalankhula za mavuto a chuma. Kenako mu 2021, mliri wa Covid-19 utachititsa anthu kuopa ndege ndi mahotela, mafakitale anatulutsa ma RV opitirira 600,000, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo. Pofika 2023 chinali chitatsika pafupifupi ndi theka. Ambiri amene anagula pamtengo wokwera nthawi ya mliri anatsala ndi ngongole yoposa mtengo wa galimoto yawo.

Komabe amene akhalitsa pamsewu amanena chinthu chimene chimadabwitsa obwera kumene: mafuta si amene amawasowetsa tulo. Pa ndalama zonse zimene nyumba yoyenda imadya, mafuta okha ndi amene mwini wake angawalamule. Akachepetsa liwiro, thanki imakhalitsa. Akaleka kuyenda, bilu ya mafuta imatsika pafupifupi kufika pansi. N'chifukwa chake anthu ambiri okhala m'magalimoto amenewa sayenda tsiku ndi tsiku monga zithunzi za pa Instagram zimaonetsera. Amayima malo amodzi mwezi, miyezi itatu, ena theka la chaka. Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Munthu anagulitsa katundu wake kuti akhale mfulu, aziona mapiri ndi nyanja, koma kuti ndalama zimukwanire ayenera kuyimika galimotoyo. Ikayima, akukhala m'kachipinda kopanikiza, kotentha masana, kozizira usiku, pamalo a mwini wake. Ndipo malowo ndi olipira.

M'misasa ya anthu abizinesi, mmene muli magetsi, madzi ndi paipi yotayira zonyansa, usiku umodzi kawirikawiri umakhala madola 40 mpaka 80, ndipo m'malo otchuka a m'mbali mwa nyanja ku Florida kapena ku California umapyola 100. Wolipira pamwezi amamutsitsirako, koma amalipirabe madola mazana angapo, nthawi zina kupitirira 1,000, magetsi n'kukhala apadera. Imeneyi ndi lendi, yangosintha dzina. Misasa yambiri ilinso ndi lamulo lokana galimoto imene yapitirira zaka 10 chipangidwireni, ati imanyansitsa malo. Lamulo limeneli limagwera amphawi, poti ndi amene amagula zakale.

Apa ndi pamene Quartzsite imalowera. Chipululu chozungulira katauniko ndi malo a boma, oyang'aniridwa ndi nthambi yotchedwa Bureau of Land Management. M'malo ambiri a nthambiyi munthu amaloledwa kuyima ulele kwa masiku 14, kenako asamuke. Koma pafupi ndi Quartzsite pali dera lotchedwa La Posa, pamene kwa zaka zambiri chiphaso cha madola 180 chinkamulola munthu kukhala kuyambira pa 15 September mpaka pa 15 April, ndi mwayi wotunga madzi, kutaya zinyalala ndi kukhuthula thanki ya chimbudzi. Miyezi 7 pa madola 180. Ndicho chimene chimakokera khamu lija kuchipululu, osati kukongola kwa miyala kokha. Koma magetsi kulibe, mthunzi kulibe, mphepo ikawomba fumbi limalowa mpaka m'mbale, ndipo wofuna kukhala kumeneko ayambe wagula sola ndi mabatire, zomwenso zimadya madola mazana kapena masauzande. Ikafika April kutentha kumathamangitsa aliyense. Ayenera kukwera kumapiri kapena kulowera kumpoto, ndipo pamenepo thanki ija imafunanso kudzazidwa.

Ndalama imene imatayika mwakachetechete kuposa zonse ndi mtengo wa galimotoyo. Nyumba ya njerwa, ngakhale ya kumudzi, ukaisamala mtengo wake umakwera kapena umakhazikika, chifukwa pansi pake pali malo. Motorhome ilibe malo. Yatsopano ya Class A imayambira pa madola opitirira 100,000, ndipo za dizilo zikuluzikulu zimafika 300,000 mpaka 500,000. Ngakhale maveni ang'onoang'ono okonzedwa kufakitale nthawi zambiri amapyola 100,000. Ikangotuluka pageti la wogulitsa mtengo umayamba kutsika, ndipo m'zaka zochepa zoyambirira gawo lalikulu limakhala litapita. Mabanki amakongoza ndalama zogulira magalimoto amenewa kwa zaka 15, nthawi zina 20, ngati kuti ndi nyumba yeniyeni, pamene chiwongoladzanja chake n'chokwera kuposa cha nyumba. Wogula amakopeka ndi kuchepa kwa ndalama ya pamwezi. Zaka 10 zikatha amapezeka akulipirabe chinthu chimene denga lake layamba kudontha ndipo misasa ina yayamba kuchikana. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ikawonongeka? Taganizirani nyumba imene ili ndi mapaipi a madzi, mawaya a magetsi, filiji, makabati ndi mawindo, ndiyeno n'kumaigwedeza pamsewu maola 6 pa tsiku. Zomangira zimamasuka, mapaipi amang'aluka, phula lomatira m'mphepete mwa denga limauma n'kusweka. Mdani wamkulu ndi madzi a mvula. Amalowa pang'onopang'ono osaoneka, n'kuwoletsa matabwa a m'kati mwa khoma, ndipo mwini wake akamamva fungo la nkhungu zinthu zimakhala zitaipa kale. Amakaniko odziwa magalimoto amenewa amalipiritsa madola 150 kapena kuposa pa ola limodzi, ndipo m'nyengo ya maulendo galimoto imatha kudikira milungu ingapo kuti ifikiridwe kapena kuti chipangizo chibwere. Matayala nawo ali ndi nkhani yawo. Chifukwa galimotoyo imayima nthawi yaitali padzuwa, matayala amang'aluka m'mbali asanaperepeseke n'komwe, choncho ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka 5 mpaka 7 ngakhale akuoneka atsopano. Galimoto yayikulu ili ndi matayala 6 kapena kuposa, lililonse madola mazana angapo. Tayala lakutsogolo likaphulika pa liwiro, pa chinthu cholemera matani 10, siikhalanso nkhani ya ndalama yokha.

Chowawa kwambiri n'chakuti kwa munthu wokhala momwemo, galimoto ikalowa m'galaja ndiye kuti nyumba yonse yalowa m'galaja. Bedi, miphika, mankhwala, galu, zonse. Amene ali ndi ndalama amapita kuhotela n'kumalipira kawiri. Amene alibe amapempha mwini galaja kuti awalole kugona m'galimoto yawo yomwe pabwalo la galajayo, ngati angavomere.

Pamwamba pa izi pali tindalama tina timene timaoneka tochepa koma sitidumpha mwezi. Inshulansi ya munthu wokhala m'galimoto chaka chonse ndi yokwera kuposa ya wongopita kutchuthi, chifukwa imayenera kuteteza katundu wa m'nyumba ndi alendo obwera pakhomo. Kukhuthula thanki ya chimbudzi m'malo ambiri n'kolipira. Kuchapa zovala n'kolipira. Filiji ndi yaing'ono, ndiye sungagule chakudya chambiri pamtengo wotsika. Wogwira ntchito pa intaneti amafunika foni yamphamvu kapena Starlink. Ndipo pali vuto la keyala. Boma, banki ndi kampani ya inshulansi onse amafuna kudziwa kumene munthu amakhala, pamene iye sakhala paliponse. Ambiri amalembetsa ngati nzika za South Dakota, Texas kapena Florida, zigawo zimene sizidula msonkho pa malipiro a munthu, n'kumalipira kampani yowalandirira makalata. Bungwe la Escapees, limene linayamba mu 1978 ndipo likulu lake lili ku Livingston m'chigawo cha Texas, limagwira ntchito imeneyi kwa anthu masauzande amene keyala yawo ndi ya tauni imene mwina amaiona kamodzi pa zaka zingapo.

Ndiye kodi moyo umenewu ndi wotchipa kapena wodula? Yankho limadalira kuti munthuyo analowamo bwanji, ndipo pamsewu umodzi womwewo pali mitundu iwiri ya anthu imene imangofanana matayala. Pali banja lopuma pantchito, la penshoni yabwino, limene lagula motorhome ya madola 300,000 likudziwa kuti ndalamayo sidzabwerera. Amenewa sakupulumutsa kanthu, akugula chisangalalo, ndipo palibe cholakwa. Ndiye pali mayi wa zaka 65 amene anagwira ntchito za malipiro ochepa moyo wake wonse, penshoni yake siikwanira lendi ya chipinda chimodzi mumzinda, ndipo wagula veni yakale ya madola 5,000. Kwa iyeyu moyo wa m'galimoto ndi wotchipadi kuposa lendi, bola injini isafe.

Anthu a mtundu wachiwiriwu ndi amene mtolankhani Jessica Bruder anayenda nawo n'kulemba buku lotchedwa Nomadland, limene linatuluka mu 2017. Kanema wochokera m'bukuli, wotsogoleredwa ndi Chloé Zhao, anapata mphoto ya Oscar ya kanema wopambana onse mu 2021. Mmodzi mwa anthu enieni amene anaoneka m'kanemayo ndi Bob Wells, bambo wa ndevu zoyera amene anayamba kugona m'galimoto ku Anchorage, m'chigawo cha Alaska, mu 1995 banja lake litatha, pamene malipiro ake a m'sitolo sankakwanira nyumba ziwiri. Pambuyo pake anayambitsa msonkhano wa pachaka ku Quartzsite wotchedwa Rubber Tramp Rendezvous, umene unayamba ndi anthu osakwana 50 n'kukula kufika masauzande. Kumeneko amaphunzitsana kulumikiza sola, kugwiritsa ntchito ndowa ngati chimbudzi, ndi kugona mumzinda osaonekera kwa apolisi. Langizo limene iye amabwereza kawirikawiri ndi loti munthu asalowe pamsewu opanda ndalama yapadera yosungira tsiku la tsoka.

Ndalama ya mafuta ndi matayala anthu amenewa amaipeza ndi thukuta. Kwa zaka zingapo kampani ya Amazon inali ndi ndondomeko yotchedwa CamperForce, yolemba anthu okhala m'magalimoto kuti agwire ntchito m'nyumba zake zosungira katundu nyengo ya Khirisimasi isanafike, n'kumawalipirira malo oyimikapo. Mu October ena amapita kuchigwa cha Red River, m'malire a North Dakota ndi Minnesota, kukathandiza pa zokolola za mbewu yopangira shuga yotchedwa beet, maola 12 pa tsiku m'chisanu. Ena amasesa zimbudzi ndi kulandira alendo m'misasa ya m'nkhalango posinthana ndi malo ogona. Ambiri mwa iwo ndi a zaka za m'ma 60 ndi 70, a msinkhu umene kwathu kuno tikanati akhale pakhonde azilera zidzukulu. Ndimaona kuti n'kulakwa kuwatcha onsewa okonda maulendo, ngati kuti anasankha. Ena anasankhadi, ndipo amaukonda moyowo ndi mtima wonse. Koma dziko lolemera chotere likamasiya agogo ake akuwerengera magaloni kuti akafike kumene kuli ganyu, vuto lili pa mtengo wa nyumba ndi kuchepa kwa penshoni.

Malo oyima ulele nawonso akucheperachepera. Masitolo a Walmart anatchuka polola anthu kugona usiku umodzi pabwalo loyimika magalimoto, koma masiku ano nthambi zambiri zinaleka, zina chifukwa cha malamulo a mizinda. Mizinda yambiri ya ku California inakhazikitsa malamulo oletsa magalimoto aakulu kuyima m'misewu ina usiku. Mu June 2024 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa mzinda wa Grants Pass wa ku Oregon, linagamula kuti mizinda ikhoza kulanga anthu ogona m'malo a boma ngakhale atasowa kwina kopita. Galimoto ikakokedwa ndi apolisi, chindapusa ndi ndalama yosungira zimakwera tsiku lililonse, ndipo amene walephera kuiwombola amataya nyumba ndi zonse za m'kati mwake.

Nkhaniyi ikukhudzanso abale athu amene ali ku Britain, kumene lendi ikudya gawo lalikulu la malipiro a ogwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ena amaona magalimoto okhalamo anthu atandandalika m'misewu ya ku Bristol n'kuyamba kulingalira. Kumeneko dizilo anafika pafupifupi mapaundi 2 pa lita pakati pa 2022. Laisensi wamba ya amene anakhoza mayeso kuyambira mu January 1997 imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo motorhome ikadzazidwa madzi, gasi ndi katundu imafika pamenepo msanga. Galimoto yakale ya dizilo imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse limene yayenda mu London. Ndipo kuyambira mu 2022, ku England ndi Wales, kukhala m'galimoto pamalo a mwini popanda chilolezo n'kukana kuchoka utauzidwa kukhoza kukhala mlandu wopalamula, galimoto n'kulandidwa. Kwa munthu amene chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chimadalira mbiri yoyera ndi keyala yodziwika, chimenechi si chinthu chochiyesa mwachibwana.

Inu amene mtima ukukukokerani ku nyumba ya matayala, kaya muli ku Leeds, ku Indiana kapena ku Johannesburg, musanagule bwerekani kaye yolipira kwa milungu iwiri m'nyengo yozizira, osati yotentha. Lembani m'kope lita iliyonse, usiku uliwonse ndi botolo lililonse la gasi. Mukapeza yoti mugule, itanani munthu wodziwa akwere padenga ndi kuyeza chinyontho m'makoma, ndipo muwerenge chaka chimene chalembedwa m'mbali mwa tayala lililonse. Ngati mutalipira galimotoyo simutsala ndi ndalama yokonzera injini ndi yogonera kwina kwa mwezi wathunthu, musasiye nyumba imene mukukhalayo.